Kusankhidwa N'kwina, Kulowa M'kalasi N'kwina

M'chaka cha 1962, akuluakulu a yunivesite ya California mumzinda wa Berkeley, m'dziko la America, adadzidzimuka atazindikira kuti mmodzi mwa ophunzira omwe adawasankha sankatha kuyenda, kugwira cholembera, ngakhale kupuma bwinobwino payekha. Mnyamatayo, dzina lake Ed Roberts, adadwala poliyo m'chaka cha 1953 ali ndi zaka 14. Matendawo adamupha ziwalo kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, kungotsala zala ziwiri za dzanja limodzi ndi zala zingapo za kuphazi. Usiku ankagona m'kati mwa chimakina chachitsulo chonga mgolo wautali, chomwe chinkakoka ndi kutulutsa mpweya m'malo mwa chifuwa chake. Masana, akatuluka m'chimakinamo, ankachita kumeza mpweya monga achitira chule.

Mayeso adali atakhoza, malo adali atapatsidwa, koma pogona panalibe. Chimakina chija chinkalemera makilogalamu oposa 350, ndipo nyumba zogona ophunzira sizikadatha kuchilandira. Ena mwa akuluakulu a sukuluyo adaona kuti chapafupi n'chakuti mnyamatayo angobwerera kwawo.

Zomwe zidachitika pambuyo pake ndi zina mwa zomwe zidalimbikitsa kukhazikitsidwa kwa ofesi zothandiza ophunzira aulumali zomwe lero zikupezeka m'sukulu zambiri za ukachenjede. Nkhaniyi idachitikira kutali, kutsidya kwa nyanja, koma mavuto omwe banja la Roberts lidakumana nawo ndi omwewo amene akusowetsa tulo makolo ambiri kuno kummwera kwa Africa.

Nkhondo idayambira kunyumba

Ed atatuluka m'chipatala, komwe adakhalako miyezi 18, ankaphunzira ali kunyumba, pomvetsera maphunziro a m'kalasi kudzera pa telefoni. Ankachita manyazi kuonekera pagulu. Mayi ake, a Zona Roberts, ndiwo adaumirira kuti azipita kusukulu, ngakhale kamodzi kokha pa sabata, kuti azolowere maso a anthu, nawonso anthu amuzolowere.

Atamaliza sekondale, akuluakulu a sukulu adakana kumupatsa setifiketi ponena kuti sadachite maphunziro oyendetsa galimoto ndi masewera olimbitsa thupi, zomwe zidali m'ndondomeko ya wophunzira aliyense. Mayi Roberts sadangodandaulira m'khitchini. Adakaitula nkhaniyo kwa oyang'anira sukulu za m'deralo, ndipo setifiketi idatuluka. Kenaka nthambi ya boma la California yothandiza aulumali kupeza ntchito idakana kumulipirira maphunziro a yunivesite, ati chifukwa munthu wotere sangadzagwire ntchito ina iliyonse. Nkhaniyo itafika kwa atolankhani, nthambiyo idasintha maganizo.

Pa zopinga zonsezi, palibe chomwe chidachokera m'mutu mwa mnyamatayo. Nzeru adali nazo. Zomwe zinkamutsekereza zidali malamulo olembedwa mosaganizira munthu wonga iye, ndi maganizo a anthu a m'maofesi omwe adali ataweruziratu tsogolo lake.

Chipinda cha m'chipatala chisanduka gowelo

Vuto la pogona lidatha pomwe mkulu wa chipatala cha Cowell, chomwe chidali pa yunivesite pomwepo, Dr Henry Bruyn, adapereka chipinda mbali ina ya chipatalacho yomwe idalibe odwala. Ed adavomera, koma adanenetsa kuti chipindacho chitengedwe ngati malo ogona wophunzira, osati wodi ya wodwala. Ankafuna kutuluka ndi kulowa nthawi yomwe wafuna, monga anzake onse.

Chaka chotsatira kudabwera John Hessler, yemwe adathyoka khosi podumphira m'madzi. Ena adatsatira, ndipo pofika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ophunzira oyenda pa njinga za olumala okhala m'chipatalamo adali pafupifupi 12. Adadzipatsa dzina lakuti Rolling Quads. Usiku akakhala pamodzi ankakambirana zomwe akumana nazo masana: masitepe a pakhomo la kalasi, zitseko zopapatiza, m'mbali mwa misewu mokwera momwe njinga sinkatha kudutsa, kusowa kwa munthu wowadzutsa ndi kuwaveka m'mawa. Apa m'pomwe adazindikira kuti zomwe aliyense ankayesa tsoka lake yekha zidali vuto la onse, ndiponso kuti vutolo lidali lotheka kukonza.

Mlangizi wina wa boma atafuna kuchotsa awiri mwa iwo pa ndondomekoyo, gulu lonse lidaimirira pamodzi kutsutsa, mpaka mlangiziyo adasamutsidwa. Akuluakulu adati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Ofesi yoyambitsidwa ndi eniake

M'chaka cha 1970, ophunzirawa adapeza thandizo la ndalama kuchokera ku boma la America ndipo adatsegula ofesi yawoyawo, yotchedwa Physically Disabled Students' Program. Woyamba kuitsogolera adali a Hessler. Ntchito zake zidali zooneka zazing'ono koma zofunika kwambiri: kukonza njinga zikaonongeka, kupezera ophunzira anthu owathandiza kusamba ndi kuvala, kuwafunira nyumba zolowereka, ndi kuwalangiza pa za maphunziro. Eni ake ankadziwa kuti njinga ikathyoka, wophunzira akhoza kujomba masabata angapo kenaka n'kulephera mayeso, ngakhale akhale wanzeru chotani.

Posakhalitsa anthu aulumali omwe sadali ophunzira adayamba kufika pa ofesiyo kudzapempha thandizo lomwelo. Ichi chidachititsa kuti m'chaka cha 1972 akhazikitse bungwe la Center for Independent Living, lotumikira mzinda wonse. M'zaka zomwezo khonsolo ya Berkeley idavomera kugumula m'mbali mwa misewu ina ndi kuikamo potsetsereka. Omwe adapindula sadali a njinga okha. Amayi okankha ana, okalamba ndi onyamula katundu nawonso adayamba kuyenda mosavuta.

A Roberts adatenga digiri yoyamba mu 1964 ndi yachiwiri mu 1966, zonse za maphunziro a ndale. Patsogolo pake, bwanamkubwa wa California, a Jerry Brown, adawasankha kukhala mkulu wa nthambi yomwe ija idanena kuti sangadzagwire ntchito. Adaitsogolera mpaka mu 1983, ndipo adamwalira mu 1995 ali ndi zaka 56. Ofesi yomwe iwo ndi anzawo adayambitsa idakalipo pa yunivesiteyo.

Kodi ofesi yotere imagwira ntchito yanji?

Sukulu zingapo za ukachenjede m'chigawo chino zili ndi ofesi kapena chipinda chothandizira ophunzira aulumali. Ku Johannesburg, yunivesite ya Witwatersrand ili ndi ofesi yotchedwa Disability Rights Unit, dzina lomwe likunena poyera kuti nkhaniyi ndi ya ufulu. Yunivesite ya Cape Town ilinso ndi yake. Nayo Yunivesite ya Malawi ku Zomba yakhala ikulandira ophunzira osaona kwa zaka zambiri. Kukula kwa ofesizi ndi zipangizo zake n'kosiyana kwambiri, koma ntchito yake ndi imodzi: kuchotsa chopinga chomwe chaima pakati pa wophunzira ndi phunziro.

Wophunzira wosaona amafunika mabuku ndi zolemba za aphunzitsi m'zilembo zowerenga ndi zala. Zilembozi adazikonza ndi Louis Braille wa ku France cha m'ma 1824, ali ndi zaka 15, ndipo chilembo chilichonse chimapangidwa kuchokera ku timadontho 6 totukuka papepala. Tsamba limodzi la buku wamba limadya masamba awiri kapena atatu a zilembozi, choncho buku limodzi la zamalamulo likhoza kudzaza katoni. N'chifukwa chake makompyuta asintha zinthu kwambiri. Pali mapulogalamu omwe amawerenga mokweza zonse zolembedwa pa kompyuta. Ya JAWS imagulidwa ndipo njokwera mtengo, pomwe ya NVDA, yomwe idayambitsidwa mu 2006 ndipo adaikonza ndi anyamata awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh, ndi yaulere. Komabe pulogalamu siingawerenge pepala lomwe mphunzitsi wangolemba pamanja kapena pa bolodi. Mphunzitsi ayenera kupereka zolemba zake msanga ku ofesi, ndiponso kutchula ndi pakamwa chilichonse chomwe akulemba pa bolodi.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti wosaona sangaphunzire masamu kapena sayansi, ndipo ana ambiri amakankhidwira ku maphunziro ena adakali ku sekondale. Koma a Abraham Nemeth a ku America, omwe adabadwa osaona, adakonza njira yolembera masamu m'zilembo za Braille ndipo adaphunzitsa masamu pa yunivesite ya Detroit kwa zaka 30.

Wophunzira wosamva amafunika womasulira chinenero cha manja, ndiponso wina womulembera notsi, pakuti munthu sangayang'ane manja a womasulira uku akulemba. Omasulira odziwa mawu a zaulimi, zachuma kapena zamankhwala ndi ochepa m'maiko ambiri, ndipo ili ndi limodzi mwa mavuto aakulu omwe adakalipo.

Wophunzira wa khungu lachialubino kawirikawiri saona patali. Amafunika kukhala kutsogolo, kupatsidwa mapepala a zilembo zikuluzikulu ndi galasi lokuzira zilembo, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, komanso chipinda chogona chotetezeka, poganizira nkhanza zomwe anthu achialubino akhala akuchitiridwa m'maiko angapo a m'chigawo chino.

Woyenda pa njinga amafunika njira yotsetsereka m'malo mwa masitepe. Muyezo wodziwika ndi wakuti pa kukwera kwa mita imodzi, njirayo italike mamita osachepera 12. Ikafupika kuposa apa imasanduka chitunda chomwe munthu sangakwere yekha, ndipo potsika akhoza kugubuduzika. Zitseko zikhale zotambalala pafupifupi masentimita 90, ndipo chimbudzi chikhale ndi malo otembenukira ndi zitsulo zogwira. Pomwe nyumba ndi yosanja ndipo mulibe chikepe, njira yosalira ndalama ndiyo kusamutsira kalasi m'chipinda chapansi.

Palinso ulumali wosaonekera ndi maso, monga khunyu, matenda a maganizo, ndi vuto losokoneza zilembo powerenga. Ophunzira otere nthawi zambiri amabisa vuto lawo poopa kusekedwa, ndipo amalephera mwakachetechete. Ofesi yabwino imawasungira chinsinsi ndi kuwakonzera nthawi yoonjezera pa mayeso kapena chipinda cha phee.

Ena amadandaula kuti nthawi yoonjezera ndi kukondera. Koma kuwerenga ndi zala kumatenga nthawi yaitali kuposa kuwerenga ndi maso, ndipo mafunso ndi omwewo, machongedwe ndi omwewo. Digiri ya wophunzira waulumali siyochotseredwa mtengo.

Malamulo akutinji?

Pa 13 Disembala 2006, bungwe la United Nations lidavomereza pangano la ufulu wa anthu aulumali, ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 3 Meyi 2008. Dziko la South Africa lidadzimanga ku panganoli mu 2007, Malawi mu 2009, Zambia mu 2010, Mozambique mu 2012, ndipo Zimbabwe mu 2013. Gawo 24 la panganoli likunena za maphunziro, ndipo ndime yake yachisanu ikulamula maboma kuonetsetsa kuti anthu aulumali akutha kulowa sukulu za ukachenjede ndi zantchito zamanja popanda tsankho. Gawo 2 likupita patsogolo: kukana kusintha zinthu zomwe n'zotheka kusintha kuti munthu waulumali apeze mwayi wofanana ndi ena, nakonso ndi tsankho. Choncho wophunzira wopempha pepala la zilembo zikuluzikulu akuitanitsa chomwe n'chake kale.

Maiko adakonzanso malamulo awo. Zambia idakhazikitsa lamulo la anthu aulumali mu 2012. Malawi idakhazikitsa lake chaka chomwecho, ndipo mu 2024 lidalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano lomwe lidasintha bungwe la MACOHA kukhala MACODA. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 adaika chinenero cha manja pa mndandanda wa zinenero 16 zovomerezeka, mndandanda womwe Chichewa chilinso pomwepo. Ku South Africa chinenero cha manja chidakhala cha nambala 12 mwa zinenero za boma mu 2023.

Nkhani ya mabuku nayo ili ndi pangano lake. Bungwe la World Blind Union lakhala likunena kuti mwa mabuku 10 aliwonse osindikizidwa pa dziko lapansi, osakwana limodzi ndiwo amapezeka m'njira yomwe wosaona angawerenge. Chimodzi mwa zifukwa zake chidali malamulo a umwini wa mabuku, omwe ankaletsa kusintha buku popanda chilolezo cha mwini wake. Pangano la ku Marrakesh la mu 2013, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2016, lidatsegula njira yakuti mabuku azisinthidwa ndi kutumizidwa kuchoka dziko lina kupita lina kaamba ka osaona. Ku South Africa, bungwe la Blind SA lidachita kupita kukhoti, ndipo mu Seputembala 2022 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula kuti lamulo la umwini wa mabuku la 1978 linkaphwanya ufulu wa anthu osaona.

M'khoti lomwelo mudakhalapo woweruza wosaona, a Zak Yacoob, kuyambira mu 1998 mpaka 2013. Iwo adasiya kuona ali ndi miyezi 16 atadwala matenda oumitsa khosi, adaphunzira pa sukulu ya osaona ku Durban, kenaka adachita zamalamulo pa yunivesite mumzinda womwewo, nthawi yomwe kudalibe makompyuta owerenga mokweza. Dziko likadataya woweruza wotere chikhala kuti makolo awo adawasunga pakhomo.

M'mera mpoyamba

Ofesi ya pa yunivesite, ngakhale ikhale ndi zipangizo zotani, imathandiza okhawo omwe afika pakhomo pake. Ambiri safika. Kalembera wa 2018 ku Malawi adapeza kuti anthu 10 mwa 100 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wamtundu wina, ndipo anthu achialubino adalipo 134,636. Ambiri mwa anthuwa amakhala kumudzi, komwe mwana waulumali amayamba sukulu mochedwa, kapena amasiyira panjira chifukwa cha mtunda, zimbudzi zosalowereka ndi kusekedwa. Ndalama zikachepa pakhomo, iye ndiye amakhala woyamba kuuzidwa kuti adikire.

Maphunziro a ana aulumali si achilendo m'chigawo chino. Ku Magwero, pafupi ndi Chipata m'dziko la Zambia, amishoni adayamba kuphunzitsa ana osaona mu 1905. Ku Malawi sukulu za Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje ndi zina mwa zoyambirira, ndipo koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu yakhala ikusula aphunzitsi a ana osaona ndi osamva kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Kwa nthawi yaitali, komabe, anthu ambiri ankaona ngati malire a mwana waulumali ndi kuluka, kusoka kapena kukonza nsapato. Ntchito zimenezi n'zaulemu ndipo zalera mabanja ambiri, koma mwana azizisankha yekha, osati chifukwa chakuti makomo ena onse atsekedwa.

Apa m'pomwe alangizi a zachitukuko, a zaumoyo ndi a zaulimi, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi makalabu a alimi ali ndi mbali yaikulu. Iwo ndiwo amadziwa khomo lomwe muli mwana wosatuluka panja. Choyamba n'kumupeza mwanayo ndi kumupititsa kuchipatala kuti akamuyeze, pakuti mavuto ena a maso ndi makutu amachizika kapena kuchepa akadziwika msanga. Kalata ya kuchipatala isungidwe bwino monga makolo asungira makadi a sikelo, chifukwa idzafunika polembetsa mayeso ndiponso popempha thandizo ku yunivesite.

Chachiwiri, mphunzitsi wamkulu adziwitsidwe nthawi yolembetsa mayeso a boma isanathe. Bungwe la MANEB ku Malawi limakonza mapepala a Braille ndi a zilembo zikuluzikulu, koma silingakonzere mwana yemwe silikumudziwa.

Chachitatu, mwana akamalemba mafomu a yunivesite ndi a ngongole ya maphunziro, asabise ulumali wake. Ambiri amabisa poopa kusiyidwa, kenaka amakafika pa sukulu n'kupeza kuti chipinda chawo chili pamwamba pa nyumba yosanja. Akangosankhidwa, banja lilembere kapena lipite ku ofesi yoona za ophunzira sukulu isanatsegulidwe, ndi kufunsa mafunso achindunji: adzagona kuti, chimbudzi n'chotani, mabuku adzawapeza m'njira yanji, womasulira alipo kodi, nanga mayeso adzalemba bwanji? Mayankho akhale olembedwa. Zinthu zikavuta, mabungwe a anthu aulumali monga FEDOMA ku Malawi, ndi ena otere m'maiko oyandikana nawo omwe ali pansi pa bungwe la SAFOD, akhoza kuthandiza kulondoloza nkhaniyo.

Chachinayi chili m'manja mwa mudzi weniweniwo. Pomwe anthu aumba njerwa kuti amange kalasi, chimbudzi, nyumba yosungiramo mbewu kapena tchalitchi, komiti ikumbutse mmisiri za khomo lotambalala ndi njira yotsetsereka maziko asanakumbidwe. Kuziika pomanga kumangodya matumba ochepa a simenti, pomwe kudzagumula pambuyo kumadya ndalama zambiri. Njira yomweyo idzadutsa wilibala ya chimanga, mayi woyembekezera ndi gogo wa ndodo. Akale adati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Ed Roberts adali mnyamata wokonda masewera mpaka tsiku lomwe adadwala, ndipo ngozi ya ngolo, ya njinga kapena matenda a shuga sizisankha khomo.

Pa zonsezi, mwini nkhani asasiyidwe kunja. Phunziro lalikulu la ku Berkeley ndi lakuti omwe adadziwa zofunika kukonza adali ophunzira eniake. Pokambirana za mwana waulumali, kaya ndi pa bwalo la mfumu kaya mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, mwanayo akhalepo ndipo afunsidwe chomwe chikumuvuta ndi chomwe akufuna kudzakhala. Mwina adzati akufuna kudzakhala mlangizi wa zaulimi, loya kapena mphunzitsi wa masamu. Ntchito ya akuluakulu idzakhala yomwe adagwira mayi Roberts: kugogoda khomo lililonse lomwe latsekedwa, kufikira mwanayo atalowa m'kalasi ndi kukhala pansi pamodzi ndi anzake.